Kalata yotseguka kwa oyang'anira mzinda wa Blantyre: nyumba zakale za ku Mandala ndi Sunnyside zikutha ife tikuona

Zikomo akuluakulu,

Landirani moni nonse amene muli pa mipando yoyang'anira mzinda wathu: inu amene mumadinda mapulani a zomangamanga, inu osamala misewu ndi ngalande, ndi inu amene munapatsidwa ntchito yosunga zinthu zakale za dziko lino. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kalatayi ndaiika poyera dala, chifukwa nkhani yake si yanga ndekha, ndipo ambiri mwa amene ikuwapweteka sadziwa n'komwe kumene kunayang'ana khomo la maofesi anu.

Ine ndine mmisiri womanga nyumba. Ndimakhala ku Zingwangwa, koma mchombo wanga unagwera ku Sunnyside, m'boyizikota ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba imene bambo anga anaphikamo monga khukhi kuyambira nthawi ya azungu mpaka mutu wawo unayera. Dera limene ena amangoti kumayadi, kwa anthu opeza bwino, ine ndimalidziwira kukhomo lakumbuyo.

Mwezi wathawu mnzanga anandiitanira ganyu yopala njerwa pa nyumba ina imene inkagwetsedwa. Nditafika ndinapeza kuti ndi yomwe ija. Malata anali atasasula kale, khonde limene linkazungulira mbali zitatu litasanduka mulu wa zigumu. Mitanda ya denga inali ya mkungudza wa ku Mulanje, ndipo mnyamata wina ankaiwaza ndi nkhwangwa kuti akagulitse nkhuni. Fungo lake linadzaza pabwalo ponse ngati mtengowo audula dzulo. Chiswe sichinalawe ngakhale pang'ono. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu, kuphiri kuja watsala pang'ono kutheratu, koma kuno wina waphikira nyemba. Njerwa zinkachoka zathunthu ukangogogoda pang'ono, poti anamangira dothi ndi laimu, osati simenti. Pa zambiri mwa njerwazo panali chidindo cha chala chachikulu cha munthu amene anaziumba, pamene anakankha potulutsa m'chikombole. Ndinaikapo chala changa, chinakwana.

Kunja kwa geti, pansi pa mtengo wa jakaranda, panali mayi ndi ana atatu atakhalira mitolo ya katundu, mphika ndi mbaula zili pambali. Linali banja la mlonda amene ankakhala m'boyizikota yathu ija. Anawauza Lachitatu kuti Loweruka lisawapeze.

Sindikunena kuti mwini watsopanoyo anaba malo. Anagula ndi ndalama zake, ndipo akuti mapepala ali nawo. Funso langa lili kwa inu: ndani anabwera kudzaiona nyumbayo asanavomereze kuti igwe? Ndani anaijambula, kapena kulemba chaka chimene inamangidwa? Ndani anafunsa oyandikana nayo?

Ndikudziwa zimene ena anene akawerenga kalatayi, ndipo ndazimva kale m'minibasi. Akuti ndi nyumba za atsamunda, zigwe, tikulirira chiyani? Ine amene ndinakulira kuseri kwa nyumba zimenezi sindifunika kuphunzitsidwa za tsankho lake. Bambo anga sanalowerepo pakhomo lakumaso nthawi yonse ya bwana woyamba. Agogo ankatiuza za masiku amene munthu wakuda sankaloledwa kupezeka m'tauni usiku popanda chiphaso. Mayadi aakuluwo anali a azungu, amwenye anali ndi mbali yawo, eni dziko n'kumapanikizana ku Ndirande ndi m'midzi yozungulira. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi chifukwa chake chenicheni nyumbazi ziyenera kukhalapo. Mwana wa lero ukamuuza za tsankho amangomva ngati nthano. Mukamuimika pa khonde lotakata la nyumba yaikulu, kenako n'kumutengera kuseri kukaona kachipinda kamene munkagona anthu asanu ndi awiri, chimbudzi chili ku mpanda, safunanso buku.

Komanso tiyeni tifunsane, anamanga ndani? Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, ndipo mpaka lero ikadaima ndi khonde lake, yosanja yoyamba m'dziko muno. Inali ya mamanijala a kampani ya African Lakes, imene inayambira ku Glasgow mu 1878, ndipo oyendetsa ake oyamba anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Koma dzina limene linakhala silinachokere ku Glasgow. Anthu a kuno ataona kuwala kwa magalasi a m'maso a John Moir anamutcha Mandala, dzinalo n'kufalikira ku nyumba, ku masitolo a kampaniyo, mpaka dera lonse. Dothi anaponda ndi anthu athu. Katundu wa kampaniyo ankakwera mapiri kuchokera kwa Katunga ku Shire ali pamitu pa amtengatenga. Ndipo pa malo omwewo ndi pamene, mu Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anafika usiku kudzathyola nyumba yosungira mfuti. Kodi imeneyi ndi mbiri ya azungu okha?

Kwerani ku mishoni mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo amene anagwira naye ntchito anali anthu a m'midzi ya kuno amene anaphunzirira pantchito pomwepo. Njerwa ankaumba ndi kuotcha pamalo pomwepo, za maonekedwe osiyanasiyana okwana ngati 81, ndipo ankayamba ayala zouma kuti aone ngati zigwirana asanamangire. Ine ndi mpeni wanga womangira ndi levulo ndikaima pansi pa zipilala zija ndimavula chipewa. Luso limene linabadwira pamenepo ndi limene linatsikira ku Mandala, ku Sunnyside, ku Kabula ndi ku Nyambadwe m'manja mwa ana ndi adzukulu a amisiri aja. Dzina la Scott aliyense amalidziwa. La amene anasiya chala chake pa njerwa ija palibe amene analemba, ndipo nyumba ikagwa umboni wake wokhawo umapita nawo.

Tsono madandaulo anga ndi awa.

Loyamba ndi la kugwetsa mwakachetechete. Nyumba ya Mandala ndi tchalitchi chija ndi zotetezedwa, ndipo tikuthokoza. Koma dera si nyumba imodzi. Chimene chimapanga Mandala ndi Sunnyside ndi mizere ya nyumba wamba za makonde aakulu, madenga otsetsereka kwambiri kuti mvula isakhalepo, siling'i yotalika, chumuni cha nyengo ya chiperoni, ndi maziko okwera kuti chinyezi ndi chiswe zisafike. Amisiri aja ankadziwa nyengo ya Kabula. M'mwezi wa Okutobala umatha kukhala m'nyumba zimenezo masana osafuna fani, chifukwa khonde linkaletsa dzuwa kugunda khoma, mpweya wotentha n'kumakwera kudenga. Zimene zikumera m'malo mwake ndi mabokosi a magalasi oyang'ana kudzuwa, ofuna makina oziziritsira tsiku lonse m'dziko limene magetsi amathimathima. Ine ndamangako ena mwa mabokosiwo, sindibisa, ana ayenera kudya. Koma ndikudziwa imene ingapirire zaka zambiri pakati pa ziwirizi. Ndipo taganizani: boma linaletsa njerwa zootcha pa ntchito zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo. Njerwa za m'nyumba zakalezi zinaotchedwa kale, mitengo yake inapsa agogo athu ali anyamata. Kuzigumula n'kukazitaya m'dzenje ndi kuotcha nkhalango ija kachiwiri popanda phindu.

Pali njira inanso yogwetsera imene siimveka phokoso. Mwini amangoisiya nyumba, malata awiri n'kubooka, madzi n'kumalowa m'khoma dzinja ndi dzinja, mpaka tsiku lina anene kuti yakhala yoopsa. Ena amaipha ndi chikondi, kupaka pulasitala ya simenti yolimba pa khoma la dothi ndi laimu. Khoma lotere limafuna kupuma. Ukalitseka, chinyezi chimakhala m'kati, njerwa n'kumafumbwa ngati chimanga cha anankafumbwe. Mzinda uno unazolowera kuona nyenyezi yofiira yopakidwa pa nyumba zoti zigwe. Chizindikiro cha nyumba yoti isungidwe sindinachionepo pa nyumba wamba iliyonse ya kumayadi.

Lachiwiri ndi la nyumba zokhalamo zimene zikusanduka malonda. Yendani m'misewu ya Mandala muwerenge zikwangwani: maofesi a mabungwe, zipatala zazing'ono, malo ogona alendo, malo ogulitsira magalimoto, mabwalo a maukwati. Sindidana ndi malonda, ndipo nyumba yakale yokhala ofesi ndi yabwino kuposa yogwetsedwa. Nyumba ya Mandala yomwe ikukhala ndi moyo chifukwa muli laibulale ya Society of Malawi ndi malo oonetsera zaluso. Walira mvula walira matope, tikudziwa. Koma lamulo la mapulani, la Physical Planning Act la 2016, limati wofuna kusintha ntchito ya malo ayambe wapempha chilolezo. Ngati zilolezozo zikuperekedwa, bwanji oyandikana nawo amangodziwira pa lole ya mchenga? Mapaipi a zimbudzi amene anaikidwira banja limodzi lero akusenza alendo a zipinda makumi awiri, ndipo akaphulika zonyansazo zimayenda m'ngalande kutsikira kumtsinje. Agogo ena amene anagula nyumba yawo atapuma ntchito m'boma amagona ndi thonje m'makutu Loweruka lililonse. Ndipo ikakwana 5 koloko maofesi n'kutsekedwa, msewu wonse umakhala zii, wopanda mwana wosewera, wopanda nyali ya pakhonde. Kale mayi wochokera kuntchito madzulo ankadziwa kuti akakuwa, pakhomo lililonse patuluka munthu. Lero akuwira makoma.

Lachitatu ndi la mipanda ndi tinjira. Pano ndikhalapo pang'ono, chifukwa inu oyenda pagalimoto simungazione. Ndili mwana, mayadi ankalekana ndi mipanda ya maluwa yofika m'chiuno, ndipo pakati pa mapuloti panali tinjira ta miyendo. Tinjirato ndi timene tinkasunga moyo wa dera. Mayi wa masamba wochokera ku Manase ankadutsa mmenemo ndi dengu pamutu, n'kumaima pakhomo lakumbuyo lililonse. Makhukhi ankabwerekana mchere ndi mazira pamwamba pa mpanda. Madzulo magadeniboyi ankakumana pansi pa mtengo wa mango kusewera bawo, ndipo pamenepo ndi pamene pankamveka kuti kwa uje akufuna wochapa, mwana wa uje wadwala ali ku Queens. Pakagwa maliro m'boyizikota, antchito a msewu wonse ankasonkha, wina ufa, wina nkhuni, ngakhale mabwana sankadziwana mayina. Kumayadi kunali midzi iwiri pamalo amodzi, ndipo wakumbuyo ndi umene unali mudzi weniweni.

Lero makoma ndi otalika kuposa munthu, pamwamba waya wamagetsi. Za mantha a akuba ndikuzimvetsa, inenso ndili ndi loko. Koma ena pomanga mpanda akumeza ndi kanjira komwe, ena akufikitsa khoma m'mphepete mwenimweni mwa phula. Kanjira kamene ndinkadutsa popita kusukulu lero kali m'kati mwa yadi ya munthu, pali thanki ya madzi. Wantchito amene amachokera ku Zingwangwa kapena ku Manase wapansi amazungulira mtunda wautali, m'bandakucha, akuyenda pamsewu weniweni chifukwa kumbali kulibe popondapo, magalimoto akumuimbira hutala ngati walakwa ndiye. Anthu amenewa ndi amene amatsegula mageti, kulera ana ndi kuphika chakudya cha dera lonse.

Lachinayi ndi la mitengo ndi madzi. Jakaranda amene amasandutsa misewu kukhala yofiirira chilimwe chikafika pachimake, mibawa, mango akale, zikudulidwa mmodzimmodzi kuti papezeke poimika magalimoto. Mzinda uno uli ndi siteji yotchedwa Mibawa. Tisafike poti dzina lokha ndiye litsale. Pamene panali kapinga akuyala simenti kuyambira pageti mpaka kumpanda wakumbuyo. Mvula imene inkalowa pansi tsopano imatuluka pageti ngati mtsinje, ngalande zakale zamiyala zitadzaza zigumu za omanga, madziwo n'kuthamangira mu Mudi ndi mu Naperi. Kumunsi kwa mitsinje imeneyi kumakhala anthu opanda mipanda. Sindikunena kuti zimene zinaoneka ku Chilobwe ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinachokera kumayadi, ayi, ija inali nkhani ya phiri la Soche. Koma tonse tinaona zimene madzi amachita akasowa polowa.

Lachisanu ndi la banja lija la pansi pa jakaranda, ndipo silifuna mawu ambiri. Nyumba ikagulitsidwa, pa mapepala pamalembedwa puloti, nyumba yaikulu ndi boyizikota. Anthu a m'boyizikotamo salembedwa paliponse. Ana aja anali pakati pa teremu.

Pa zifukwa zimenezi ndikupempha, mwaulemu koma mosabisa mawu, zinthu izi:

1. Lembani kaundula wa nyumba zakale za ku Mandala, Sunnyside, Kabula, Namiwawa, Nyambadwe ndi Mount Pleasant, chithunzi ndi chaka chake ngati chikudziwika, ndipo kaundulayo akhale poyera kuti aliyense athe kumuona. Mulembe ndi maboyizikota omwe. Lamulo la Monuments and Relics Act lilipo kale ndipo limalola kuti nyumba ilengezedwe kukhala yotetezedwa. Si nyumba zonse zimene zingayenere, koma simungasankhe musanawerenge.

2. Nyumba ya m'kaundula isagwetsedwe popanda chikwangwani pageti, cha m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chokhala masiku okwanira kuti anthu anenepo maganizo awo. Chimodzimodzi pamene nyumba yokhalamo ikusanduka malonda. Chidziwitso cha zilembo zing'onozing'ono mkati mwa nyuzipepala sichifika kwa mlonda.

3. Pamene mwavomereza kuti nyumba igwe, iyambe yajambulidwa ndi kuyezedwa, ndipo mitanda, zitseko, mawindo ndi njerwa zichotsedwe mosamala kuti zikakonzere nyumba zina zakale. Mkungudza usapitenso pamoto.

4. Mwini amene akusamala nyumba yakale mumuchepetsereko msonkho wa malo. Kukonza denga lotere si ndalama yochepa, ndipo ambiri mwa eni ake lero ndi Amalawi okalamba kapena ana amasiye amene anangosiyiridwa nyumba popanda ndalama yoisamalira. Mukangowalamula osawathandiza, adzaisiya kuti igwe yokha, ndipo ine sindidzawadzudzula.

5. Tulutsani mapu akale, muone tinjira timene tinali ta anthu onse, mutsegule timene tinatsekedwa popanda chilolezo. Mpanda watsopano uliwonse uzisiya malo oyenda apansi.

6. Mtengo waukulu wa m'mbali mwa msewu usadulidwe popanda chilolezo cholembedwa, ndipo pulani iliyonse yatsopano izisiya gawo la yadi losayalidwa simenti. Womanga amene watayira zigumu m'ngalande azichotse yekha asanapatsidwe kalata yolowera m'nyumba.

7. Chilolezo chogwetsa kapena kusintha nyumba chisaperekedwe mwini asanaonetse kuti anthu okhala m'boyizikota anapatsidwa nthawi yokwanira yosamukira, ndipo ngati pali ana a sukulu, teremu ithe kaye.

8. Pa zikwangwani zofotokoza mbiri ya nyumba zotetezedwa, lembaniponso za oumba njerwa, amtengatenga, akalipentala ndi antchito a m'nyumba. Makhukhi ndi magadeniboyi akale akadalipo ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Mbayani, ena maso anachita khungu koma mutu uli bwinobwino. Amadziwa nyumba iliyonse, amene anaimanga ndi amene anakhalamo. Tumizani ophunzira a m'masukulu a ukachenjede akawajambule mawu chaka chino, osati chamawa.

Kwa inu a kumayadi amene mukuwerengera pambali kalatayi, sindikukutolerani nkhondo. Ambiri mwa inu mumadandaula zomwezi m'magulu anu a pa WhatsApp, kungoti m'magulumo mulibe amene amakutsegulirani geti. Mukadzaitanitsa msonkhano wa dera, muwaitane nawonso, ndipo ukhale pa tsiku limene iwo sali pantchito.

Akuluakulu, ngati vuto ndi kusowa anthu oyendera nyumbazi, ine ndi amisiri anzanga akale tilipo, ndipo sitidzafuna alawansi. Tikhoza kukuonetsani khoma la laimu ndi la simenti, mtanda wa mkungudza ndi wa bulugamu, nyumba imene yafadi ndi imene yangofuna malata asanu. Pa msewu womwe uja pali ina imene mawindo achotsa kale sabata yathayi. Njerwa imodzi ya chala ija ndinabwera nayo kunyumba, ili pawindo. Mukatiitana ndidzabwera nayo kuti muione.

Ndine wanu mwaulemu,

Mwana wa khukhi, mmisiri womanga nyumba
Zingwangwa, Blantyre